Njinga Zamoto Pabalaza pa Narsih

Ngati lero mwadzuka ngongole itakukhalani pachifuwa, musathamangire kutseka tsamba lino. Imvani kaye za Narsih, mayi wa mumsewu wathu kuno ku Bekasi, pafupi ndi mzinda waukulu wa Jakarta, amene tonse tinkangodikira kuti tione tsiku limene adzasenze katundu.

Tsiku limene sofa yake inatuluka m'nyumba, msewu wonse unali pamawindo. Amuna awiri ogula katundu wakale anainyamula chopendeketsa, ndipo potuluka mwendo wake unakhula chipepala chachikasu chimene a banki anamata pambali pa chitseko. Chipepalacho sichinang'ambike n'komwe. Chinali cha zilembo zikuluzikulu, zoti ngakhale wodutsa pa liwiro awerenge: NYUMBA IYI ILI M'MANJA MWA BANKI.

Tebulo linali litapita kale, kabati ya magalasi nayo, wailesi ya kanema nayo. Pabalaza panatsala matailosi oyera ndi msomali wa kalendala. Narsih anatseka chitseko, nakoka makatani, nakhala pansi n'kulira. Njala sinkamupweteka ngati mmene manyazi ankamupwetekera. Ndipo ndalama ya sofayo sinakwane ngakhale kubweza mwezi umodzi mwa miyezi imene anatsalira.

Nyumbayo si yaikulu. Ndi imodzi mwa tinyumba tathu tija togundana makoma, timene mnzako akayetsemula iwe umayankha. Koma Narsih ndi mwamuna wake Kasman anaipeza atatopa ndi lendi, anaitenga pa ngongole ya zaka zambiri, ndipo mwana wawo Wulan anabadwira momwemo. Kasman ankagwira ntchito kufakitale yopanga zipangizo za njinga zamoto, ndipo mwezi ukatha banki inkatenga zake popanda phokoso.

Mphuno salota. Fakitale inatsekedwa n'kusamukira kutali, ndipo Kasman anabwera kunyumba ndi envelopu ya ndalama zomutsanzikira nazo. Ikanagwiridwa bwino, envelopu ija ikanasunga nyumba kwa miyezi ingapo. Koma inafika mwezi wosala kudya uli pakati, ndipo apa ndi pamene anthu a kuno timapengera.

Idi ikayandikira, mzinda wonse umalongedza n'kubwerera kumudzi. Ndipo kumudziko supita chimanjamanja. Umapita ndi zovala zatsopano, timaenvelopu ta ana a abale, ndi nkhope ya munthu amene zikumuyendera ku Jakarta. Kasman sanauze aliyense kwawo kuti ntchito yatha. Anachita hayala galimoto yonyezimira kuti akaiimike pakhomo pa amayi ake.

"Mas, nanga za nyumba mwezi uno?" anafunsa Narsih akulongedza. Kuno mkazi amaitana mwamuna wake kuti Mas, mwamuna n'kumamuitana kuti Dik.

"Banki sidzandiyang'ana m'maso, Dik," anatero Kasman. "Amayi ndi amene adzandiyang'ane."

Anapita, anagawa, anatamandidwa, anabwerako matumba ali mbee. Ntchito ina sinapezeke. Kasman anayesa maganyu pa zomangamanga, lero alipo mawa palibe. Mwezi unadumphidwa, wina unatsatira, makalata anayamba kubwera, ndipo Narsih anaphunzira luso loipa kwambiri kwa munthu wa ngongole, luso lobisala.

Wa banki amene ankabwera anali Pak Gunawan, munthu wofatsa wa malaya osita bwino. Kwathu kuno Pak ndiye kuti bambo, Bu ndiye kuti mayi. Akangomva njinga yake, Narsih ankazimitsa chokupizira mphepo n'kukhala phee kuseri kwa firiji. Tsiku lina Pak Gunawan anagogoda mpaka kutopa, kenako anayankhula ndi chitseko.

"Bu Narsih, nsapato zanu zili pakhomo pano. Sindikhulupirira kuti mwapita kumsika osavala. Tsegulani tikambirane, chifukwa kukhala chete ndi kumene kukupititsa nyumbayi ku okushoni."

Sanatsegule. Sabata yotsatira chipepala chachikasu chinamatidwa, ndipo kalata yomaliza inanena mosapsatira kuti Idi ikangodutsa popanda yankho, nyumba igulitsidwa. Apa madzi anali atafika m'khosi.

Chaka chinali chitazungulira, Idi ina inali pakhomo. Mumsewu mwathu munali makatoni okhaokha, aliyense akumanga katundu wa kumudzi. Narsih ndi Kasman analibe ngakhale ya basi. Anaimbira amayi a Kasman n'kuwanamiza kuti Kasman wapanikizika kuntchito, kenako anadzitsekera m'nyumba kuti anthu asaone kuti iwo atsala.

Koma mumsewu mwathu muli Mpok Rodiah, ndiye kuti achemwali a Rodiah, ndipo Mpok Rodiah satsekeredwa kunja. Ndi mayi wamasiye wogulitsa nthochi zokazinga, wobadwira konkuno kale kuli minda ya mpunga yokhayokha. Iye alibe mudzi wopitako, mudzi wake ndi umene ife tinamangapo nyumba. Pakamwa pake sipadziwa kunong'ona. Masana ena, kutatsala pang'ono kuti anthu anyamuke, anafika n'kumenya chitseko ndi chikhatho.

"Narsih, tsegula. Ine si wa banki, ndilibe ngakhale cholembera."

Narsih anatsegula pang'ono, Mpok anakankha n'kulowa yense. Anaima pakati pa balaza lopanda kanthu, anayang'ana uku ndi uku, n'kuimba mluzu.

"Koma ndiye bwalo la mpira ili. Kwanga ukati utambasule mwendo umaponda mdzukulu, iwe uli ndi malo onsewa n'kumaliranso?"

"Mpok, tsekani chitseko, anthu aona."

"Aone chiyani chimene sanaone? Chipepala chako chimaoneka kuchokera kusiteshoni ya sitima. Tsegula mphepo ilowe, muno mukununkha nkhawa."

Chitseko chinatsala chotsegula, ndipo nthawi yomweyo kunadutsa Pak Tarno, wogulitsa mafuta ophikira wa kumapeto kwa msewu, akukankha njinga yake yamoto, thukuta lili kamukamu. Basi yake ya kumudzi inkanyamuka m'mawa mwake. Chaka chathacho, msewu uli zii, akuba anathyola nyumba zingapo n'kutenga njinga, ndipo tsopano malo onse osungira njinga pafupi ndi siteshoni anali atadzaza.

"Pak Tarno," anaitana Mpok, "mukuizungulitsa bwanji njingayo ngati mbuzi yosowa khola?"

Pak Tarno anaima. Maso ake anadutsa Mpok, anadutsa Narsih, n'kukagwera pa matailosi oyera aja. Anameza malovu.

"Bu Narsih, pepani kufunsa. Kodi chaka chino simupita?"

Funso limene Narsih ankaliopa kuposa kalata ya banki linali limenelo. Nkhope inamutentha. Akanatha kunama kuti anyamuka mochedwa, monga ananamizira apongozi ake. Koma anali atatopa ndi kubisala, ndipo anangoti, "Sitipita, Pak. Tilibe ndalama."

"Ndiye Mulungu wandiona," anatero Pak Tarno, nkhope ikuwala. "Ndisungireni njingayi. Ndilipira."

Narsih asanatsegule pakamwa, Mpok anali atatchula kale mtengo, ndipo Pak Tarno anali atatulutsa kale chikwama. Tayala loyamba linakwera pakhonde n'kusiya mzere wakuda pa matailosi amene Narsih ankawakolopa kawiri pa tsiku. Mpok anamugunda ndi chigongono.

"Ukaipa dziwa nyimbo, mwana iwe. Mipando ulibe, koma uli ndi denga ndi loko."

Zimene zinatsatira timazikambabe mpaka lero. Pak Tarno analemba pa gulu la pafoni la mumsewu mwathu kuti wapeza posiya njinga. Wina anafunsa kuti nyumba iti. Iye anayankha kuti ya chipepala chachikasu ija. Panalibe wofunsanso kachiwiri. Uthenga unalumpha kupita kumsewu wina, kuchoka apo kupita ku wina, ndipo dzuwa lisanapendeke pakhomo pa Narsih panali mzere. Anthu amene dzulo lake ankayang'ana kumbali podutsa, lero ankafunafuna chipepala chomwecho ndi maso, n'kusangalala akachiona.

Kasman anabwera kuchokera kosaka ganyu n'kupeza njinga zitaima chisawawa pabalaza pake. Anaima kaye kukamwa kuli yasa. Kenako anavula malaya. Munthu amene anatha miyezi akuyenda mutu uli pansi anayamba kulamula ngati ali kufakitale. Ankapinda magalasi, kukhotetsa zogwirira mbali imodzi, kulowetsa tayala la iyi pakati pa ziwiri izo, ndipo pamene Narsih ankaona kuti padzaza, iye ankapezapo malo a zina. Balaza linadzaza, kanjira ka kukhitchini kanadzaza, kuchipinda anaimika matiresi kukhoma n'kulowetsanso zina. Wulan ankamangirira kansalu ka dzina pa kiyi aliyense. Narsih ankalandira ndalama akuseka ndi kulira pamodzi.

Msewu unatsala zii, koma nyumba imodzi inali ndi moyo. Masiku onse a tchuthi Kasman sanakhale pansi. Palibe anamutuma, koma njinga iliyonse anaitsuka, anaipopa matayala, anathira oyilo pa tcheni. Tsiku la Idi anadyera pakhonde pamodzi ndi Mpok ndi khamu la adzukulu ake, chifukwa m'nyumba munalibe poika mbale. Atakhuta, Narsih anatenga foni n'kuimbira apongozi ake. Anawauza zonse, za fakitale, za galimoto ya hayala, za chipepala.

Kumudzi amayi aja anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anaseka pang'ono.

"Mwana wanga, ndinaona chaka chatha chomwe. Kasman anabwera ndi zikhadabo zoyera ngati za mlembi. Mwana ameneyo akakhala pa ntchito zikhadabo zake siziyera. Galimoto ija inandidyetsa chiyani ine? Gwirani nyumbayo, musaitaye chifukwa cha ine."

Kasman, amene ankamva zonse pafonipo, anayang'ana manja ake, akuda bii ndi girizi, ndipo anatuluka panja kuti mwana asamuone akupukuta m'maso.

Anthu atabwerako kumudzi anapeza njinga zawo zikuwala kuposa mmene anazisiyira. M'mawa wa tsiku loyamba la ntchito, Narsih anavala mpango wake wabwino, anamanga ndalama zonse m'kathumba, n'kupita yekha kubanki kumene ankakuthawa. Pak Gunawan atamuona anaimirira, n'kuyang'ana kumapazi kwake.

"Nsapato zija lero zabwera ndi mwini wake," anatero. "Khalani pansi, Bu."

Anawerenga ndalamazo. Sizinakwane kutseka ngongole yonse yotsalira, ngakhale theka lake. Koma anamufotokozera chinthu chimene akanamuuza kalekale chitseko chija chikanatseguka. Munthu akabwera yekha n'kuonetsa kuti ali ndi popezera, banki imatha kuimitsa okushoni n'kumugawira zotsalirazo pang'onopang'ono. Koma akadumphanso mwezi umodzi, nyumba imapita, ndipo chipepala chikhala pakhoma mpaka zotsalira zithe.

"Tsono ndikufunseni, Bu," anatero Pak Gunawan. "Idi imabwera kamodzi pachaka. Mwezi wamawa mudzalipira ndi chiyani?"

Narsih anali ataliganizira funsoli njira yonse. "Idi imabwera kamodzi, Pak. Koma sitima ya ku Jakarta imabwera tsiku lililonse, ndipo onse okwera amafika pasiteshoni pa njinga."

Kunena n'kosavuta, kuchita ndiye kunali nkhondo. Anthu anali ndi malo awo akale pafupi ndi siteshoni, ndipo nyumba ya Narsih ili kapatali pang'ono. Masabata oyamba pabalaza pankaima njinga zowerengeka, za anthu omumvera chisoni. Iye sanadikire chisoni. Ankadzuka wa kumzikiti asanaitanire mapemphero a m'bandakucha, kutsegula chitseko, n'kukaima pamphambano akuitana aliyense wodutsa. Ena ankamuseka kuti mayi wa chipepala wayamba kugwira anthu m'njira. Iye ankaseka nawo n'kuwalozera nyumba. Mvula ikagwa ankayanika zisoti ndi majasi a eni ake kuti madzulo awapeze ouma. Kasman ankamva kulira kwa injini pamene ikulowa n'kuuza mwini wake chimene chikufuna kuvuta. Inalipo miyezi imene banja lija linadya mpunga ndi mchere kuti banki ilandire zake pa tsiku lake, koma sanadumphe.

Kenako inabwera mvula ya mu February, ija imene a kuno timaidziwa ndi fungo. Inagwa usiku wonse n'kupitirira m'mawa, ndipo dzuwa lili pamutu mtsinje unasefukira. Madzi analowa mumsewu ali m'kakolo, posakhalitsa anali pakhonde. Eni njinga onse anali ku Jakarta, kutali, osatha kuchita kanthu.

Kasman anathamangira kuchipinda kuti akweze matiresi ndi zovala.

"Mas, zisiyeni," anatero Narsih. "Matiresi ndi athu. Njinga ndi za eni."

Mzikiti wathu uli pamtunda, kumapeto kwa msewu. Anayamba kukankha njinga imodziimodzi kupita kumeneko, kubwerera chothamanga, kutenga ina. Madzi anafika m'mawondo. Narsih anagwa, anadzuka, anagwiranso chogwirira. Mpok Rodiah anatuluka nsalu ataikwinyira m'chiuno n'kuyamba kukalipira msewu wonse, kuti kodi amayi a muno manja anawasiya kumudzi? Zitseko zinatseguka. Amayi amene kale ankasuzumira pamawindo tsiku la sofa lija anatsikira m'madzi, awiriawiri pa njinga, akuterereka, akutukwana mvula, akuseka. Njinga yomaliza itakwera pabwalo la mzikiti, m'nyumba ya Narsih firiji inali itagona chammbali ndipo matiresi anali atamwa madzi mpaka kukhuta.

Madzulo anthu anatsika sitima mitima ili m'mwamba. Ambiri amene anasiya njinga m'malo ena anazipeza zitamira mpaka pa mpando. Koma a kwa Narsih anapeza zawo zitandandalika pabwalo la mzikiti, zouma, ndipo mwini malo atakhala pa masitepe akunjenjemera ndi kuzizira, makiyi onse atawakoleka m'khosi ndi chingwe. Bambo wina amene njinga yake inali isanathe n'komwe ngongole anaigwira mpando, n'kutembenuka kuyang'ana Narsih.

Kuyambira sabata imeneyo Narsih sanaimenso pamphambano. Anthu ankauzana okha m'sitima kuti siya njinga kunyumba ya chipepala chachikasu, mayi wake amanyowa yekha kuti njinga yako iume. Balaza linachepa. Anachita lendi kamalo kopanda kanthu kuseri kwa nyumba, anakwirira dothi kuti kakwere, anafolera ndi malata. Kasman anatsegula pokonzera njinga pakhonde, ndipo amayi awiri a mumsewu mwathu anapeza ntchito yolandira makiyi. Mpok anasamutsira chiwaya chake cha nthochi pageti pomwepo, akuti lendi yake analipira kale tsiku limene anakana kutseka chitseko. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo tsiku linafika limene zotsalira zonse zinatha.

Pak Gunawan anabwera yekha, atanyamula kampeni kopalira. Anavutika kupeza poimika njinga yake. Atayamba kupala ngodya ya chipepala chija, chimene tsopano chinali chitasuluka ndi dzuwa, Narsih anamugwira mkono.

"Pak, mukachichotsa makasitomala anga asochera."

"Lamulo ndi lamulo, Bu," anatero akuseka. "Nyumba iyi sili m'manja mwathu monga kale. Ingopitirizani kulipira monga mukuchitiramu."

Anapala mpaka chinatha. Narsih anaimirira akuyang'ana malo oyera amene chinasiya pakhoma, ndipo misozi inatsika osaibisa, anthu onse akuona. M'mawa mwake anatuma Kasman kukagula penti. Mukadzadutsa mumsewu mwathu simudzafunsa njira, chifukwa pali nyumba imodzi yokha yachikasu kuyambira pansi mpaka kudenga. Sofa sanagulebe, akuti alibe poiika. Ndipo Idi ikafika iwo sapita kumudzi, chifukwa ndiyo nyengo yawo yokolola. Amatumiza tikiti, amayi aja n'kubwera okha pa basi, kudzakhala pakhonde n'kumayang'ana zikhadabo zakuda za mwana wawo.

Tsono inu amene mwakhala kuseri kwa firiji yanu lero, foni itazimitsidwa, kalata isanatsegulidwe, mverani. Ngongole sikutha chifukwa mwakoka makatani, ndipo nsapato zanu zili panja, aliyense akudziwa kuti muli momwemo. Narsih sanatole ndalama panjira, sanalandire chozizwitsa. Ananena zoona kamodzi, anatsegula chitseko, anapita yekha kwa amene ankawaopa, n'kugwira ntchito ndi chokhacho chimene chinatsala, chipinda chopanda mipando. Nanunso chilipo chimene chatsala. Dzukani mutsegule chitsekocho anthu aone, ndipo muyambire pomwepo. Osataya mtima.